Akakowa akungotuluka mbuu pa zithunzi zanga, ndikulakwitsa pati?

Wamakamera_paBoma:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, koma chaka chino msuweni wanga wa ku Johannesburg wanditumizira lenzi ya 70-300mm yokokera zinthu zakutali, yakale ndithu koma yogwira. Loweruka lapitali ndinalawirira ku nyanja ya Malombe, gombe la mbali ya msewu wa ku Liwonde, n'kupangana ndi msodzi wina kuti andilowetse m'mabango pa bwato lake. Mbalame zinalipo zosayamba: akakowa, mphipi zitayanika mapiko pa chitsa, nkhwazi ziwiri pamwamba pa mtengo. Kufika kunyumba, kutsegula pa kompyuta, manyazi okhaokha. Kakowa wangoti mbuu ngati pepala, nthenga yosaoneka ndi imodzi yomwe. Nkhwazi zili bii. Zotsalazo n'zogwedera. Mafuta a njinga yamoto ndi ndalama ya msodzi zangolowa m'madzi.

MdalaWaNkope:
Achimwene, kamera musainamizire, lakupwetekani ndi dzuwa. Gombe limenelo ndi la kumadzulo, ndiye m'mawa mukayang'ana kunyanja dzuwa limakhala kumaso, n'chifukwa chake nkhwazi zada. Lowani m'madzi ndi bwato kaye, mutembenuke muyang'ane kumtunda, dzuwa likuombeni kumsana. Apo ayi pitani cha m'ma 4 koloko madzulo.

Za kakowazo, kamera ikaona mdima wa m'mabango kumbuyo kwake imawonjezera kuwala, choyeracho n'kupserera. Tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala pa chithunzi) ifike pa -1, muona timizere ta nthenga tikubwerera. Shutter (liwiro lomwe kamera imaphethira) isatsike pa 1/1000 ya sekondi, ndipo pa bwato ine ndimaika 1/1600. ISO (yowalitsa chithunzi, koma ikakwera imabweretsa timadontho) ya 800 musaiope, si ukwati uwu woti mkwatibwi adzadandaula khungu. Chachikulu: muuzeni msodziyo aleke kupalasa mukadali patali, bwato lizingoyenda lokha. Mbalame za ku Malombe zinazolowera mabwato, chomwe zimathawa ndi munthu woimirira.

Nachisale_waMpondasi:
Zimene anena madalawa n'zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa mvuu. Malombe ndi nyanja yosazama, ndipo diso likakhala pa kamera suona za m'mbali. Chaka chatha ndinkalondola kambalame kofiirira ka zala zazitali kaja, koyenda pamwamba pa masamba a kakombo. Kanali katapanira ana m'mapiko, timiyendo tokha tili lendelende pansi, ndipo amene amanyamula ana choncho ndi bambo, osati mayi. Ndinatengeka. Ndinangomva "fuu!" kumanzere, mvuu ya mwana yatulutsa makutu, mtunda wake ngati kuchoka pakhomo kufika pa nkhokwe. Mnyamata wopalasa sanayankhule, anangobweza bwato chafutambuyo pang'onopang'ono. Chithunzi cha kambalameko ndinachipeza, koma manja ananjenjemera mpaka kumtunda. Msodzi akati uku ayi, musamukakamize ndi ndalama. Komanso musatsike kukaima m'madzi a m'mabango, ng'ona ndi likodzo zimakhala momwemo.

Wamakamera_paBoma:
Zikomo achemwali, ndamva. Nanga zoponyera nkhwazi nsomba monga amachitira anyamata a maboti ku Cape Maclear? Msodzi uja amati tigule kambuzi tiyese.

MdalaWaNkope:
Kambuzi nkhwazi ingamuone n'komwe? Ku Cape Maclear kuja nkhwazi zinaphunzira mluzu wa anyamatawo kwa zaka, za ku Malombe zingokuyang'anani. Ine sindizikondanso, zithunzi zake zimafanana zonse. Dikirani ilire. Imaponya mutu kumbuyo, kukamwa kuli yasa, ndipo zikakhala ziwiri zimalandizana. Yaikulu thupi ndiye yaikazi.

Mukafuna poyambira posavuta, funani chisa cha nantchengwa pa mphanda ya mtengo m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi. Chisa chake n'chimulu cha zinyalala choti simungachiphonye, ndipo mwini wake amangobwerabwera ndi timitengo kukamwa. Mukhale pansi phee, azolowera. Kungoti anthu odutsa adzakufunsani chomwe mukufuna pa chisa cha nantchengwa, mukonzeretu yankho.

Nachisale_waMpondasi:
Ndinaiwala: mwera ukayamba mu Meyi, pitani m'mamawa madzi asanavunduke. Ndipo mukabwerako musatsekere lenzi m'chikwama chachinyezi, yanga inamera nkhungu mkati. Timapaketi timene timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano tija musamataye, timayamwa chinyezi, muziponya m'chikwamamo.