Kutentha kwa madzi a m'nyanja kukutuluka chadodolido mu fayilo ya NetCDF

Anabanda, Senga Bay: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi fayilo ya NetCDF (mtundu wa fayilo yosungira deta ya sayansi) ya kutentha kwa madzi a Nyanja ya Malawi, yoyezedwa ndi CTD (makina omizidwa m'madzi oyezera kutentha, mchere ndi kuya) pa malo atatu, kamodzi pamwezi, kuchokera pamwamba kutsika mpaka 60. Ndikaitsegula mu Panoply, pulogalamu yojambula deta yotere, madzi apansi akuoneka ali m'mwamba, ndipo avareji ikubwera -140. Ndayesa ncdump -h, lamulo loonetsa mutu wa fayilo, yangoonetsa t = 12 (nthawi), z = 13 (kuya), s = 3 (malo) ndi temp(t, z, s) ya kutentha. Za attribute, mawu ofotokoza detayo, mulibe n'kamodzi komwe.

Aphiri, Nkhotakota: Ya -140 ija ndi yosavuta, chemwali. Pomwe sipanayezedwe, mwina tsiku lomwe bwato silinatuluke, analembapo -999, ndiye pulogalamu ikuwerenga -999 ngati kutentha kwenikweni. Pakufunika _FillValue = -999, attribute youza pulogalamu kuti nambalayi ikutanthauza pomwe sipanayezedwe, ndipo ikhale ya mtundu womwewo ndi deta: temp ikakhala float (nambala za madesimali), nayonso ikhale float. Mu netCDF-4 imaikidwa polenga variable (gawo la fayilo losunga manambala, ngati temp), deta isanalowe, choncho lembani fayilo yatsopano, musavutike n'kukonza yakaleyo.

Amwale, Salima boma: Zoona. Koma gwero la vuto lili pa z. Dimenshoni imangonena kuti pali mizere 13, siinena kuti mzere wachisanu uli pakuya bwanji. Itchuleni depth, kenako mulenge variable ya dzina lomwelo, depth(depth), yosunga 0, 5, 10 mpaka 60. Muipatse units = "m", axis = "Z" ndi positive = "down". Positive imeneyi ndi yomwe imauza pulogalamu kuti nambala ikamakula ndiye kuti tikumira.

Musanalembe "m", funsani anayezawo ngati 60 imeneyo ndi mamita kapena ma dbar (muyezo wa kupanikiza). CTD siyeza kuya, imayeza kupanikiza kwa madzi. Madzi a nyanja yathu ndi opanda mchere, dbar imodzi ndi pafupifupi mamita 1.02, ndiye 60 dbar yadutsa mamita 61. Pulogalamu ikawerengetsa kuyako ngati ili m'nyanja ya mchere, imakupatsani nambala yochepa. Izi zimapweteka kwambiri mukamatsata mzere umene madzi ofunda amalekezera.

Anabanda: Ndafunsa, akuti ndi ma dbar. Nanga t ndiichite bwanji? Nthawi inalembedwa ya pa wotchi ya m'bwato.

Aphiri: Mukasiya ma dbar, variable ikhale pressure, units = "dbar", standard_name = "sea_water_pressure_due_to_sea_water", ngati makinawo anachotsa kale kupanikiza kwa mpweya. Ya nthawi lembani ngati "hours since 2023-01-01 00:00:00", malinga ndi chaka cha detayo, ndi calendar = "standard". Mukapanda kutchula dera, malamulo a CF (a kalembedwe ka mafayilo a NetCDF a zanyengo) amatenga kuti ndi UTC, nthawi ya dziko lonse, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri. Chotsani maola awiriwo. Madzi a pamwamba a 8 koloko m'mawa si ofanana ndi a masana. Komanso bwato limodzi silingakhale pa malo atatu nthawi imodzi, choncho malo aliwonse akhale ndi nthawi yakeyake, time(station, profile), ndipo featureType ikhale "timeSeriesProfile".

Amwale: Osaiwala mainasi pa latitude. Senga Bay ili cha pa -13.7 degrees_north, 34.6 degrees_east. Mukaiwala kachizindikiroko, malo anu akagwera ku Sudan. Pa temp ikani units = "degree_Celsius" ndi standard_name = "sea_water_temperature", kenako mu long_name mufotokoze kuti ndi madzi a Nyanja ya Malawi. Pamutu pa fayilo pakhale Conventions = "CF-1.8", title, source yotchula mtundu wa CTD, ndi history yonena tsiku lomwe mwasintha nthawi kupita ku UTC, kuti wobwera pambuyo asadzachotsenso maola awiri kachiwiri.

Anabanda: Zikomo kwambiri akuluakulu, zatheka. Chithunzi chaima bwino, ndipo kuzizira kwa madzi mu Julayi, nthawi ya mwera, kukuoneka poyera. Mayina a malo atatuwo ndawaika mu station_name, ndi cf_role = "timeseries_id".