Puloteni ya munthu sikuoneka mu E. coli: kodi ndisinthe ma codon onse?

Tiyamike_lab:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndaika cDNA (kopi ya jini) ya munthu mu pET-28a, plasmid yonyamula jini, maselo ndi mabakiteriya a E. coli a mtundu wa BL21(DE3). Ndikuthira IPTG (mankhwala oyambitsa kupanga puloteni) 1 mM OD600 (muyeso wa kuchuluka kwa maselo) ikafika 0.6, pa 37°C, koma pa SDS-PAGE (gel yosiyanitsa mapuloteni) palibe mzere wa puloteniyo. Opanga majini akuti ndisinthe ma codon onse (zilembo zitatuzitatu za jini zoimira amino acid) kuti CAI, muyeso wa mmene ma codon akufanira ndi omwe E. coli imakonda, iyandikire 1.0. Ndivomere?

Bambo Mbewe:
Musanavomere, achemwali, werengani kaye ma codon omwe E. coli ili ndi tRNA yake (chonyamula amino acid) yochepa: AGA ndi AGG a arginine, CUA ya leucine, AUA ya isoleucine ndi CCC ya proline. Oopsa kwambiri ndi AGA kapena AGG akatsatizana. Ribosome, makina a selo opanga puloteni, imaima kudikira tRNA, ndiye puloteni imaduka, kapena lysine imalowa pamalo pa arginine. Pa mass spec (makina oyeza kulemera kwa puloteni) zimaoneka ngati kupelewera kwa 28 Da.

Lowetsani plasmid yomweyo mu E. coli ya mtundu wa Rosetta(DE3), yomwe ili ndi plasmid ya pRARE yopereka ma tRNA amenewa. Pa kanamycin 50 µg/mL onjezerani chloramphenicol 34 µg/mL. Mzere ukaoneka, mwadziwa kuti vuto ndi ma codon.

Mayi Nkhoma:
Zoti CAI ifike 1.0 sindikugwirizana nazo. Amino acid iliyonse ikapatsidwa codon imodzi yokha, tRNA yake imapelewera, ndipo ribosome ikathamanga mosapumira mapuloteni ena sapindika bwino. Mu 2009, Kudla ndi anzake anapanga mitundu 154 ya jini ya GFP (puloteni yowala mobiriwira), yosiyana ma codon okha. Ina inkatulutsa puloteni kuwirikiza ka 250 kuposa inzake, ndipo chachikulu chinali kupindana kwa mRNA (uthenga wa jini womwe ribosome imawerenga) pafupi ndi ATG, codon yoyambira, osati CAI.

Choncho funso ndi lakuti, munadula ndi enzyme iti poika jini mu plasmid? Ngati ndi NdeI, kumayambiriro kuli His-tag (chizindikiro cha ma histidine) ya plasmid ndipo nkhawayi ndi yochepa. Ngati ndi NcoI, jini yanu ndiyo ili kutsogolo. Pamenepo tengani ma codon 15 oyamba, ikani A kapena T pa chilembo chachitatu paliponse pamene amino acid sisintha, kenako onani pa pulogalamu ya RNAfold ngati mfundo ya mRNA yamasuka. Chotsaninso AGGAGG m'kati mwa jini, chifukwa ribosome ikhoza kuyambira pomwepo n'kutulutsa chidutswa. Malizani ndi TAA, codon yoimitsa, koma ngati His-tag ili kumapeto, TAA ibwere pambuyo pake.

Kondwani_B:
Kodi munayang'ana mu pellet, zomwe zimatsalira pansi pa chubu? Nthawi zambiri puloteni imakhalapo ndithu, koma yaundana kukhala inclusion bodies. Wiritsani maselo athunthu mu SDS, asanalandire IPTG ndiponso atalandira, muchite Western ya anti-His (kuyeza kofufuza His-tag). Ikapezeka mu pellet, tsitsani kufika 18°C, IPTG 0.1 mM, maola 16 mpaka 20, kapena lumikizani MBP kapena SUMO (mapuloteni othandiza kuti isaundane) kutsogolo.

Onaninso puloteni yanu pa UniProt, nkhokwe ya pa intaneti ya mapuloteni. Signal peptide (kachidutswa ka kumayambiriro kolozera komwe puloteni ipite), ngati ilipo, ichotsedwe. Ngati pali ma disulfide bond (milumikizo ya ma cysteine), yesani E. coli ya mtundu wa SHuffle. Koma ngati puloteniyo imafuna glycosylation (kumatidwa shuga) kuti ipindike, palibe codon imene ingathandize. Pitani ku yisiti ya Pichia kapena maselo a munthu a HEK293.

Tiyamike_lab:
Zikomo nonse. Ndinadula ndi NcoI, His-tag ili kumapeto. Ndiyamba ndi Western ndi Rosetta, kenako ma codon oyambawo.