Ndingawateteze bwanji ana a mchemwali wanga?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru zanu. Alamu anga amamwa mowa mwauchidakwa, ndipo akamabwera usiku ataledzera, ana awo awiri amakabisala kunsi kwa bedi, wamkulu wa zaka 9 atamugwira pakamwa mng'ono wake kuti kulira kwake kusamveke. Mwanayu ndamuona akudzidzimuka chitseko chikangomenyeka, ngakhale masana. Mchemwali wanga akuti ndisalowerere za m'banja mwake, koma mtima wanga ukukana kukhala chete.

Kodi ndiyambe ndalankhula ndi alamuwo pa nthawi imene sanalawe mowa, kapena ndikadziwitse oona za chitetezo cha ana ngakhale achibale adane nane? Nanga mwana wamkuluyu ndimuuze mawu otani kuti amvetse kuti kuledzera kwa bambo ake si mlandu wake?