Avereji ya zokolola ikutuluka 16 koma alimi ambiri sanafikeko

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Alimi 9 a chimanga, matumba a 50kg pa ekala: 8, 9, 10, 10, 11, 12, 12, 14, 58. Excel ikundipatsa avereji ya 16, pomwe alimi 8 ali pansi pa 16. Mu lipoti ndilembe chiyani?

Wa data: Achimwene, Excel sinalakwitse. Zonse pamodzi ndi 144, kugawa ndi 9, ndi 16. Vuto ndi 58 uyo, akukoka mean (avereji) yekha. Sanjani manambala kuyambira ochepa, mutenge ya pakati, yachisanu: 11. Imeneyo ndi median, =MEDIAN(). Ngakhale 58 atakhala 500, median ikhalabe 11. Pa zokolola ndi ndalama za pakhomo, lembani zonse ziwiri, median patsogolo.

Mlangizi: Musanafike ku masamuwo, tsegulani fomu ya mlimi wa 58. Matumba 58 ndi 2,900kg pa ekala, kupitirira matani 7 pa hekitala. N'zotheka pa chimanga cha haibulidi chothiridwa feteleza kawiri, koma pa munda wa kumudzi ndikukayika. Kawirikawiri wolemba amaika zokolola za munda wonse osagawa: maekala 5 ndiye 11.6 pa ekala. Kapena munda unayezedwa m'mahekitala (hekitala imodzi ndi maekala 2.47), kapena anawerenga chosatonola.

Wofunsa: Ndingomufufuta basi?

Wa data: Ayi, osafufuta chifukwa choti nambala yakunyansani. Yesani kaye. QUARTILE.INC ya mu Excel, yogawa manambala osanjidwa m'zigawo zinayi, ikupatsani Q1 (malire a chigawo chapansi) = 10, Q3 (malire a chigawo chapamwamba) = 12, kusiyana kwake 2. Chulukitsani ndi 1.5, mupeza 3. Chotsani 3 pa Q1, muwonjezere 3 pa Q3: malire ndi 7 mpaka 15, ndiye 58 ndi outlier, nambala yotalikirana kwambiri ndi zinzake. Izi zikungokuuzani kuti mukafufuze. Ikakhala yolakwika konzani, ikakhala yoona isiyeni ndipo mufotokoze m'munsi mwa tebulo. Standard deviation, muyeso wa momwe manambala amwazikira, nayo ikuulula: ndi 58 ndi 15.9, popanda iye ndi 1.9, mean n'kutsika kufika 10.75. Gwiritsani STDEV.S, yogawa ndi n−1 (n ndi chiwerengero cha alimi), poti awa si alimi onse a m'deralo. STDEV.P ndi ya pamene mwawerenga aliyense.

Chenjeraninso ndi ziro. AVERAGE imadumpha malo opanda kanthu koma 0 imamuwerenga. Mlimi amene sanayankhe musamulembere 0. 0 ndi wa amene sanakolole kanthu.

Wa kafukufuku: Ine nkhawa yanga ndi ina. Alimi 9 amenewa anasankhidwa bwanji? Ngati ndi a m'mbali mwa msewu kapena alimi achitsanzo okhaokha, median yomweyo siikuimira dera. Tengani kaundula wa alimi a m'deralo. Tinene muli mayina 180, mukufuna 30: 180 kugawa ndi 30 ndi 6. Chitani mayere pa manambala 1 mpaka 6. Ikagwa 4, mutenga wa 4, wa 10, wa 16, choncho mpaka wa 178. Aliyense mwayi wake ndi umodzi mwa 6. Ingoonetsetsani kuti kaundulayo alinso ndi omwe sali m'makalabu.

Wofunsa: Fomu ndaipeza, munda ndi maekala 5. Ndaika 11.6, mean yabwera 10.8, median ikadali 11. Zikomo akuluakulu.