Oonerera akuchepa pa bwalo lathu la dothi, tiyambire pati kukonza?

Mwini bwalo la dothi, Ohio

Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayendetsa mabwalo ang'onoang'ono a mpikisano wa magalimoto kuno ku America. Bwalo lathu ndi la dothi, silikwana theka la mailosi, ndipo timakhala ndi mpikisano Loweruka lililonse usiku kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Magalimoto akubwera ndithu, moti kumbuyo kumene oyendetsa amakonzera magalimoto awo kumadzaza, koma kumipando ya oonerera anthu akunka nachepa chaka ndi chaka, ndipo amene atsala ambiri ndi achikulire kapena achibale a oyendetsawo. Tili ndi magulu asanu ndi atatu, kuyambira late model, magalimoto amphamvu opangidwira mpikisano, mpaka timagalimoto ta masilinda anayi. Timayamba 7 koloko madzulo, ndipo kawirikawiri timamaliza pakati pa usiku patadutsa.

Mnzanga amene tili naye limodzi m'bizinesiyi akuti tisiye kuonetsa mipikisano pa intaneti chifukwa ndiko kwatilanda anthu, pomwe ine ndikuganiza zotsitsa mtengo wa tikiti. Nkhawa yanga ndi yakuti malo amene pali bwalo akukwera mtengo. Tonse tinaona Myrtle Beach Speedway ikutsekedwa mu 2020 ndi Irwindale Speedway mu Disembala 2024, malo ake n'kupita ku ntchito zina, ndipo bwalo lopanda oonerera silikhala ndi chifukwa chokanira wogula.

Woyang'anira bwalo la phula, Wisconsin

Bambo, musanakhudze mtengo wa tikiti kapena makamera, yang'anani maola amene mwatchulawo, chifukwa ine ndikuona kuti vuto lanu lagona pamenepo. Banja limene lafika ndi ana aang'ono 7 koloko limayamba kunyamula katundu cha m'ma 10 koloko, ndipo ngati mpikisano wa late model, umene analipirira kuti aone, uli kumapeto kwenikweni, amabwerera kwawo atangoona mipikisano yosankhira malo oyambira ndi mbendera zachikasu, zimene zimachepetsa liwiro pakachitika ngozi. Munthu wotero sadandaula kwa inu, koma Loweruka lotsatira sabweranso.

Magulu asanu ndi atatu sanabwere mwangozi, ndipo si inu nokha amene muli nawo. Ndalama za pa chipata cha kutsogolo zikachepa, mwini bwalo amayamba kudalira chipata cha kumbuyo, pamene woyendetsa aliyense ndi omuthandiza amalipira pit pass, tikiti yolowera kumalo okonzera magalimoto, yokwera mtengo kuposa tikiti wamba. Kuwonjezera gulu limodzi kumabweretsa ndalama zooneka usiku womwewo, koma kumatalikitsanso pulogalamu, pulogalamu ikatalika oonerera amachepanso, ndiye mwini bwalo amawonjezera gulu lina kuti atseke dzenjelo. Mapeto ake bwalo limasanduka malo obwereketsa kwa oyendetsa, ndipo makampani othandiza ndi ndalama amachoka, popeza iwo amalipirira chikwangwani kuti chionedwe ndi anthu a m'deralo. Malangizo anga ndi akuti usiku umodzi uzikhala ndi magulu anayi kapena asanu, enawo azisinthana masabata, ndipo mbendera yomaliza izigwa isanakwane 10 koloko.

Woyang'anira mpikisano, Pennsylvania

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Wisconsin, ndipo ndiwonjezerepo za mbali yanga, popeza nthawi yambiri imatayika pamene magalimoto sakuthamanga n'komwe. Muike munthu mmodzi ndi wotchi kwa Loweruka lingapo, azilemba mphindi zimene mbendera yobiriwira, yolola kuthamanga, inali m'mwamba ndi mphindi zimene bwalo linali chete kapena magalimoto ankangozungulira pang'onopang'ono. Zimene mudzapeze zidzakuthandizani kukambirana ndi oyendetsa popanda kukangana.

Njira zodulira nthawi n'zodziwika. Gulu lotsatira lizikhala litandandalika kale pa khomo lolowera pamene linzake likumaliza, ndipo wochedwa aziyambira kumbuyo popanda kumudikira. Woyendetsa aliyense azikhala ndi kawailesi ka Raceceiver m'khutu kuti mzere uzikonzedwa ndi mawu ochokera ku nsanja, m'malo moti woimika mbendera azilozera galimoto imodzi imodzi, ndipo ma transponder, tizipangizo ta pagalimoto tolemba nthawi, aziwerengera malo kuti pasakhale mtsutso. Woyendetsa amene wachititsa mbendera yachikasu kawiri azituluka, ndipo mpikisano uliwonse ukhale ndi malire a mphindi, makamaka m'magulu a ongoyamba kumene, amene amatha kudya theka la ola pa mpikisano waufupi. Pa bwalo la dothi pali nkhani inanso imene eni mabwalo amaipeputsa, ndiyo kukonza dothi. Madzi amayenera kulowa pansi masiku a m'kati mwa sabata ndi masana a tsikulo, chifukwa mukadikira kuti fumbi libuke, mudzaimitsa zonse kuti thanki ya madzi izungulire, kenako magalimoto aponderenso dothilo, oonerera atakhala duu ndi fumbi m'maso ndi m'chakudya.

Makaniko wa late model, Ohio

Ndilankhule m'malo mwa ife a kumbuyo, chifukwa nkhani yochepetsa magulu imamveka yosavuta ikamakambidwa mu ofesi. Woyendetsa wa street stock, gulu la magalimoto wamba osinthidwa pang'ono, amene mwamuuza kuti azibwera kawiri pa mwezi sadzakhala kunyumba masabata enawo. Adzakokera galimoto yake ku bwalo lina, ndipo akakapeza kuti kumeneko amamulemekeza, adzasamukiratu pamodzi ndi achibale ndi anzake a kuntchito amene amagula matikiti kwa inu. Timagulu tating'onoto ndi tomwe timabweretsa anthu a m'tauni yanu, pomwe oyendetsa late model ambiri amachokera kutali.

Komanso kuchepa kwa oonerera n'kolumikizana ndi kukwera mtengo kwa masewerawa. Mu 2021 ndi 2022 matayala a mpikisano anasowa m'dziko lonse mpaka mipikisano ina inalephereka, ndipo mabwalo amene anaika malire a matayala atsopano pa usiku umodzi anathandiza oyendetsa a ndalama zochepa. Mainjini a Chevrolet omatidwa kuti asasinthidwe m'kati, 602 ndi 604, anabwera pa chifukwa chomwecho, monganso lamulo la bungwe la mipikisano la IMCA lolola woyendetsa kugula injini ya mnzake pa mtengo woikika, kuti munthu asathire chuma chonse m'injini imodzi. Mpikisano wa magalimoto makumi awiri ofanana mphamvu umasangalatsa kuposa mipikisano itatu ya magalimoto asanu ndi awiri. Choncho m'malo mochotsa magulu, onani ngati awiri amene malamulo awo ndi oyandikana angaphatikizidwe, mosiyanitsa kulemera kwa galimoto kuti pasakhale wopondereza mnzake. Ngati kusinthana n'kosapeweka, gwirizanani ndi bwalo loyandikana nalo kuti gulu likapuma kwa inu lizithamanga kwa iwo, ndipo mapointi aziwerengedwa pamodzi.

Woona za makamera ndi zofalitsa, Iowa

Pa nkhani ya intaneti, ndikupempha kuti musazimitse makamera musanaone manambala anu. Kampani imene imaulutsa mipikisano yanu imadziwa madera amene oonera ali, ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Ngati ambiri ali kutali, amenewo sakanabwera ngakhale mutazimitsa, ndipo mukanangotaya ndalama ndi mbiri ya oyendetsa anu. Ngati ambiri ali pafupi ndi bwalo, kambiranani zoti dera lozungulira lisamaone mpikisano uli m'kati. Njira imeneyi si yachilendo, pakuti mpikisano wotchuka wa Indianapolis 500 kwa zaka zambiri sunkaonetsedwa pompopompo mumzinda wa Indianapolis, ndipo mu 2016 chiletsocho chinachotsedwa matikiti onse atatha.

Mnzanuyo ali ndi mfundo pa chinthu chimodzi. Wokonda mpikisano amene amalipira makampani oulutsa mipikisano pa intaneti a FloRacing kapena DIRTVision angathe kukhala pakhomo Loweruka n'kuona magalimoto a mipikisano ikuluikulu ya World of Outlaws kapena mpikisano wa ku Eldora Speedway, choncho mukupikisana ndi mabwalo a dziko lonse, osati makamera anu okha. Mukazimitsa anu, enawo adzapitirirabe. Chimene kanema sangapereke ndi phokoso la injini pachifuwa ndi mwayi woti mwana agwire galimoto ndi dzanja lake, ndipo izi ndi zimene muyenera kugulitsa.

Woyang'anira bwalo la phula, North Carolina

Za mtengo wa tikiti, anthu amakonda kutchula Bowman Gray Stadium ya ku Winston-Salem, bwalo la kota ya mailosi limene lakhala ndi mipikisano ya NASCAR, bungwe lalikulu la mipikisano ya magalimoto, kuyambira 1949, lokhala ndi malo a anthu pafupifupi 17,000, ndipo limadziwika ndi matikiti otsika mtengo. Koma chimene chimadzaza bwalo limenelo si mtengo wokha. Lili mumzinda momwe, ndipo oonerera amadziwa oyendetsa ndi mabanja awo kuchokera kwa agogo mpaka kwa adzukulu, moti munthu amafika ali kale ndi amene akumuchemerera ndi amene akufuna kuti agonje. Mukatsitsa tikiti ya akuluakulu pa pulogalamu yotopetsa, mudzalandira anthu omwewo ndi ndalama zochepa, ndipo kudzakweza mtengowo kudzakhala kovuta.

Chimene ndingachite ndine ndi kulola ana aang'ono kulowa mwaulere, chifukwa mwana amabwera ndi wamkulu wolipira ndiponso amachititsa kuti chakudya chigulidwe. Woulutsa mawu azitchula tauni ya woyendetsa aliyense ndi ntchito imene amagwira m'kati mwa sabata, kuti woonerera adziwe kuti nambala 12 ija ndi munthu wokonza mapaipi wa kwawo. Mukamaliza msanga mudzathanso kutsegula chipata cha kumbuyo kuti mabanja akacheze ndi oyendetsa, zimene sizitheka 1 koloko usiku. Zimbudzi nazo muziyendere ndi mtima wa mlendo, makamaka za amayi, chifukwa mayi akanyansidwa nazo banja lonse silibweranso. Pokonza kalendala, pewani kuika mpikisano wanu waukulu usiku umene NASCAR ikuthamanga Loweruka, monga mpikisano wa usiku wa ku Bristol, ndipo musasamukire Lachisanu, popeza kuyambira kumapeto kwa Ogasiti usiku umenewo ndi wa mpira wa masukulu a sekondale.

Mwini bwalo la dothi, Ohio

Zikomo kwambiri nonsenu. Takhala pansi ndi mnzanga uja ndipo tagwirizana motere. Mtengo wa akuluakulu tausiya mmene ulili, ana azilowa mwaulere, ndipo makamera apitirira mpaka tione kumene oonera ali. Magulu awiri a street stock tiwaphatikiza monga ananenera bambo makaniko, awiri ena azisinthana, ndipo late model izithamanga isanakwane 9:30 ngakhale pulogalamu itachedwa, magulu otsala n'kubwera pambuyo pake. Chimene chikundivutabe ndi ndalama za pit pass zimene zichepe kuyambira usiku woyamba, pomwe oonerera adzabwerera pang'onopang'ono, koma inshuwalansi, ambulansi ndi mphoto za oyendetsa n'zolipira sabata iliyonse.

Woyang'anira bwalo la phula, Wisconsin

Mpata umenewo ulipodi, bambo, ndipo muyenera kuuwerengera nyengo isanayambe. Ikani kumayambiriro kwa nyengo usiku umodzi kapena uwiri wa zokopa anthu osadziwa mpikisano, monga mpikisano wa mabasi akale a sukulu, enduro (mpikisano wautali wa magalimoto otchipa) kapena makombola a zikondwerero, chifukwa masiku otere ndi amene amadzaza mipando, ndipo aliyense wobwera mumupatse kapepala kochotsera mtengo pa Loweruka lotsatira kuti mudziwe angati abweranso. Pitaninso kwa amalonda a m'tauni ndi lonjezo lolembedwa la nthawi yomalizira, muwagulitse usiku wathunthu m'dzina la kampani yawo pamodzi ndi matikiti a antchito awo. Mphoto za oyendetsa musazichepetse chaka chino, ndipo zosintha zonsezi muwafotokozere pa msonkhano wa malamulo wa nyengo yozizira kalendala isanatuluke pa Facebook, kuti a magulu osinthanawo asankhe okha masabata amene akufuna kupuma.