Waya wa alitaneta ukutentha pa Hilux ya zokuzira mawu

aMwale, Kasungu Boma:
Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndili ndi Hilux ya dizilo pano pa galaja. Mwini wake amayenda ndi zokuzira mawu m'maukwati ndi m'misonkhano ya mpingo, uku ku Santhe, Chulu mpaka ku Mtunthama. Kumbuyo anaikako invata ya 1000W, yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, yoyendetsera ampulifaya ndi mikisa. Alitaneta yoyamba inali ya 70A, ndiye anakagula ya 130A ku Lilongwe, wina n'kumumangira, koma mawaya anasiya akale omwewo. Tsopano akayatsa zoimbira pamodzi ndi nyali, waya wochoka pa B, bawuti wotulukira magetsi pa alitaneta, ukutentha moti sungaugwire, pulasitiki wake wauma, wayamba kusweka pafupi ndi nati. Fyuzi ya alitaneta yolembedwa ALT, ya 80A, ikungopsa. Mwini wake akuti ndingoikapo fyuzi yaikulu basi, poti Loweruka ali ndi ukwati. Ine mtima ukukana. Ndithandizeni nzeru.

aBanda, Nkhamenya:
Mtima wanuwo ukunena zoona achimwene, musaikepo. Fyuzi ija ikupsa chifukwa ikugwira ntchito yake. Mukaikapo ya 150A pa waya womwewo, chopsa chidzakhala waya, ndipo waya umenewo umadutsa mu mtolo umodzi ndi anzake ambirimbiri. Mudzaona utsi ukutuluka pa boneti mkwati asanafike n'komwe pa tchalitchi. Koma musanagule chilichonse, mwayeza?

aMwale, Kasungu Boma:
Pa batire ndikupeza 13.2V injini ikulira, zonse zitayatsidwa.

aBanda, Nkhamenya:
Pamenepo mwayeza mbali imodzi. Lizani injini, wina apondeko mafuta mpaka cha m'ma 2000 rpm, yatsani nyali, fani ndi invata. Mita yoyezera magetsi ikhale pa DC. Choyezera chofiira cha mita gwiritsani pa bawuti wa B pa alitaneta, chakuda pa mutu wa pozitivi wa batire, pa mtovu penipeni osati pa kilampu. Chimene mita iwerenge ndi magetsi amene akutayika panjira. Mukatero yezaninso kuchoka pa thupi la alitaneta kufika pa mutu wa negativi. Mutiuze manambala onse awiri.

aMwale, Kasungu Boma:
Kwa pozitivi 0.8V. Kwa ethi, mbali ya negativi ija, 0.4V. Pa alitaneta penipeni ikutulutsa 14.4V.

aBanda, Nkhamenya:
Ndiye alitaneta ilibe mlandu. 14.4 kuchotsa 0.8 kuchotsanso 0.4, ndi 13.2 yanu ija. Kwa pozitivi timafuna isapitirire 0.5, ine ndimakondwa ikakhala pansi pa 0.3. Kwa ethi isapitirire 0.2. Invata ya 1000W ikamakoka mokwanira imafuna pafupifupi 100A, kuwerengera ndi zimene imataya yokha potentha. Muonjezerepo nyali, fani, ndi batire limene likufuna kudzaza. Zonsezo mukuzikankhira m'kawaya kamene anakapangira 70A, ngati madzi a pampu yaikulu m'kapaipi ka m'dimba.

Mawaya oti mukonze ndi atatu: wa B kupita ku pozitivi ya batire, wa negativi ya batire kupita ku bodi ndi chasisi, ndi wa injini kupita ku chasisi. Anthu ambiri amakonza woyambawo n'kuiwala kuti magetsi amene apita ayenera kubwereranso, ndipo amabwerera pa ethi.

Chisale, Chinkhoma:
Madala, ine ndikuona kuti n'zosavuta. Tengani waya wa makina owotcherera, mukoke kuchoka pa alitaneta mpaka pa batire, osaikapo fyuzi. Waya wa sitata uli ndi fyuzi ngati? Chikhalirecho sunapsepo.

aNaphiri, Mchinji:
Iwe Chisale, pa waya wowotcherera wanena bwino, ndi wamkuwa weniweni ndipo ndi wofewa popinda. Koma pa fyuzi ayi mchimwene wanga. Wa sitata anauyala a ku fakitale, ndi waufupi, anaumanga ndi timakilampu pamalo amene anawayesa kuti sungakhule chitsulo. Wako ukuuyala ndi manja, ukudutsa pamene injini ya dizilo imanjenjemera tsiku lonse, pa msewu wa fumbi wokumbikakumbika. Ukadzangopekeseka n'kukhudza bodi, alitaneta si imene idzautenthe. Alitaneta ili ndi polekezera, singatulutse zoposa mphamvu yake kwambiri. Batire ndi limene lilibe chisoni, pa shoti limatulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi, ngakhale kiyi ali m'thumba mwa mwini galimoto. Ngakhale waya wonenepa wa 35mm² umafiira, ndipo sungauchotse ndi dzanja.

Komanso ganiza izi: waya watsopano ukauika pambali pa wakale popanda fyuzi, ndiye kuti fyuzi ya ALT ija waidumpha. Chitetezo chimene galimoto inabwera nacho wachichotsa.

Chisale, Chinkhoma:
Ndamva achemwali. Ndiye fyuziyo ikhale mbali iti, kwa alitaneta kapena kwa batire?

aNaphiri, Mchinji:
Kwa batire, pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivi, masentimita osaposa 18 ngati malo alola. Kachidutswa kochoka pa batire kufika pa fyuzi ndi kokhako kamene kalibe chitetezo, ndiye kakhale kakafupi, kovekedwa bwino. Ukaiika kwa alitaneta, waya wonse wautaliwo ukhala pamtetete.

aMwale, Kasungu Boma:
Zikomo mayi. Nanga kukula kwa waya ndi fyuzi? Kuchoka pa alitaneta kukafika pa batire, mmene ndikufuna kuudutsira, ndi pafupifupi mamita awiri.

aBanda, Nkhamenya:
Tiwerengere limodzi. Mkuwa umakana magetsi ndi 0.0175 ohm pa mita imodzi ya waya wa 1mm². Pa mamita awiri ndi 130A, waya wa 8mm² utaya pafupifupi 0.57V, wa 16 utaya 0.28, wa 25 utaya 0.18, wa 35 utaya 0.13. Kumeneko ndi kuwerengera waya wokha wozizira, osaphatikizapo malumikizidwe. Mu boneti mumatentha, makamaka Okutobala wathu wa kuno, ndipo galimoto imeneyo imaima malo amodzi injini ikulira, mphepo yosalowa. Ine ndingaike wa 35, ndi fyuzi ya 150A ya mtundu wa MEGA kapena ANL, yomanga ndi mabawuti, ya chotsekera pamwamba. Fyuzi ikhale pamwamba pa zimene alitaneta imatulutsa kuti isamapse popanda chifukwa, koma pansi pa zimene waya ungapirire. Musaike yofanana ndendende ndi alitaneta, chifukwa alitaneta ikakhala yozizira m'mawa imatha kupitirirako pang'ono nambala yolembedwa ija. Ndipo fyuzi imeneyo ikapsa injini ikulira, alitaneta imatha kuwonongeka ma diode.

Waya wakale musauchotse. Pa ma Toyota ambiri bokosi la mafyuzi limadyera pamenepo. Dulani pouma paja pokha, muikepo lagi yatsopano, kachitsulo ka kumapeto kwa waya komangira pa bawuti kaja, muusiye ndi fyuzi yake ya 80A.

aNaphiri, Mchinji:
Pogula waya musamale aMwale. Kuli wina wokongola, wa pulasitiki wofiira woonekera mkati, amene anyamata a zoimbira amaukonda. Wambiri ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba, ena amalembapo CCA. Umanyamula magetsi ochepa, ngati magawo awiri mwa atatu a mkuwa weniweni, ndipo pa lagi umachita ufa woyera pakapita nthawi. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mukaona koyera mkati usiyeni. Pa dzanja umapepukanso. Ndipo musayang'ane kunenepa kwa pulasitiki, yang'anani mkuwa podulidwa.

aZulu, Kamwendo:
Ndalowa mochedwa, ndinali pansi pa Canter. Anzanga anena zonse, ine ndingoonjezera za manja. Lagi ikhale yamkuwa, ya saizi ya wayayo, bowo lake lolingana ndi bawuti. Zomenya ndi hamala pa mwala zija zimagwira lero, mawa zayamba kutentha. Ngati mulibe chofinyira chachikulu, bwerekani kwa anzathu oika masola, ambiri ali nacho. Mukafinya, kokani ndi mphamvu zanu zonse, isasunthe. Sodala yekha musamudalire, amaumitsa waya ndipo umathyokera pomwe sodala wathera.

Pa ethi palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani, kenako pakani girizi pamwamba. Waya uvale paipi yapulasitiki yamizeremizere ija, utalikirane ndi manifodi, fani ndi lamba. Podutsa pa bowo la chitsulo ikanipo labala. Pakati pa injini ndi bodi musiye wolendewera pang'ono kuti injini ikamagwedezeka isamakoke bawuti wa B, chifukwa bawuti ameneyo akathyoka mkati ndiye mwagula alitaneta ina. Kachipewa ka labala ka pa B kabwererepo. Ndipo negativi ya batire ichoke musanagwire sipanala, ibwerere pomaliza.

aBanda, Nkhamenya:
China, poti anyamata ambiri m'gulu muno akugwira tigalimoto tatsopano tochokera ku Japan. Tina tili ndi sensa pa mutu wa negativi ya batire yoyeza magetsi olowa ndi otuluka. Pa zimenezo ethi yatsopano musaimange pa mutu wa batire modumpha sensayo, kompyuta imasokonezeka pa katchajidwe. Hilux yakale ya aMwale ilibe zimenezo.

aMwale, Kasungu Boma:
Ndabwera ndi zotsatira akuluakulu. Wa 35 wamkuwa ndaupeza kwa ogulitsa zowotcherera, fyuzi ya 150A ndi chogwirira chake zabwera pa minibasi kuchokera ku Biwi. Ethi ya injini ndinaipeza itatsala timawaya towerengeka, tina tonse tobiriwira ndi dzimbiri. Tsopano kwa pozitivi ndi 0.2V, kwa ethi 0.1V, pa batire 14.1V zonse zikulira. Waya ukungofunda pang'ono. Wopita ku invata unalibenso fyuzi, ndauikira yake pa batire pomwepo. Chotsala n'chakuti injini ikakhala pa sailensi, osaponda mafuta, magetsi akutsikabe mpaka 12.9V zoimbira zikafika pamwamba.

aNaphiri, Mchinji:
Zimenezo si za waya ayi. 130A ija alitaneta imaifikira ikamazungulira mwamphamvu, pa sailensi imapereka zochepa. Muwauze bambowo kuti pa ukwati azikwezako injini pang'ono, ndipo lamba mumuonenso ngati sakutsetsereka. Akafuna zokhalitsa, aike batire lachiwiri kumbuyo ndi rile, switchi yamagetsi yolekanitsa mabatire awiriwo, kuti zoimbira zisamathe batire loliza galimoto. Koma waya wa pakati pa mabatire awiriwo ufuna mafyuzi awiri, uku ndi uku, chifukwa mbali zonse ziwiri kuli batire.

aMwale, Kasungu Boma:
Akuti la chiwirilo agula akagulitsa fodya. Chisale, ngati uli ndi mpata Lachisanu ubwere udzaone mmene ndayalira, udzandigwirirenso mita poyesa komaliza.

Chisale, Chinkhoma:
Ndifika cha m'ma 9 madala. Ndibwera ndi mita ya kilampu, tidzaone ma amp enieni amene invatayo ikukoka.