Basketball ya pa UConn: bwanji amuna ndi akazi amasewera mosiyana chonchi?

Wachidwi

Akuluakulu, ndithandizeni. Pa University of Connecticut matimu onse awiri amasewerera m'bwalo limodzi la Gampel Pavilion ku Storrs, koma amuna amasewera zigawo ziwiri, akazi zinayi. Komanso timu ya amuna nkhope zimangosinthasintha chaka ndi chaka, pamene ku akazi osewera amakhalitsa. Zimenezi zikuchokera pati?

WaWenzulo

Achimwene, tiyambe ndi malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite a ku America. Nthawi yonse ndi mphindi 40 konsekonse. Amuna amaigawa pawiri, 20 ndi 20. Akazi anasintha mu 2015, amasewera makota anayi a mphindi 10. Mpira wa amuna ndi saizi 7, wa akazi saizi 6, wocheperako ndi masentimita pafupifupi atatu mukauyeza mozungulira. Mkombero uli pa mamita 3.05, mzere wa mapointi atatu pa mamita 6.75, ndipo timu ili ndi masekondi 30 oti iponye. Izi n'zofanana.

Pamene pagona nkhani ndi pa mafaulo. Ku amuna, timu ikafika faulo yachi 7 m'chigawo, wolakwiridwa amaponya kamodzi ataima pamzere popanda womutchinga. Akagoletsa ampatsa wachiwiri, akaphonya mpira uli m'bwalo, aliyense aulimbirane. Kuyambira faulo yachi 10 amaponya kawiri. Ndiye timu ikachita phuma n'kudzaza mafaulo 7 mphindi 8 zoyambirira, ivutika mphindi 12 zotsalazo, kungokhudza munthu basi wapita pamzere. Ku akazi faulo yachisanu m'kota imapereka kuponya kawiri, koma kota ikatha kuwerenga kumayambiranso. N'chifukwa chake makochi a akazi saopa kuthina adani kota ikangoyamba.

China chimene ambiri sachiona: m'mphindi yomaliza ya kota yachinayi, akazi akapempha timeout (kuimitsa masewero pang'ono) amatha kukayambira mpira mbali ya adani. Amuna ayi, amauyenda bwalo lonse ngakhale patatsala masekondi atatu.

MayiKochi

Za kukhalitsa, yang'anani zaka zolowera ligi zikuluzikulu. NBA, ligi ya amuna, imatenga mnyamata wa zaka 19 amene watha chaka chimodzi chichokere ku sekondale. WNBA, ya akazi, kwa nthawi yaitali yakhala ikufuna kuti wochokera ku koleji za ku America akwanitse zaka 22 m'chaka cha draft (pamene matimu a ligi amasankha osewera atsopano), kapena akhale akumaliza digiri. Ndiye Geno Auriemma, amene wakhala ndi timu ya akazi kuyambira 1985, akapeza mtsikana waluso amadziwa kuti ali naye zaka zinayi. Breanna Stewart anatenga zikho za NCAA zinayi zotsatizana, 2013 mpaka 2016. Kuumba kotereku n'kumene kwabweretsa zikho 12, chomaliza mu 2025 ndi Paige Bueckers.

Dan Hurley, kochi wa amuna, alibe mwayi umenewo. Atatenga chikho mu 2023 ndi 2024, anayi mwa asanu oyamba masewero anachoka. Stephon Castle anasewera chaka chimodzi chokha n'kutengedwa wachinayi pa draft ya NBA ndi San Antonio Spurs, Donovan Clingan wachisanu ndi chiwiri ndi Portland. Mu 2025 anyamatawo anatuluka m'ndime yachiwiri ya mpikisano wa chikho m'manja mwa Florida. Mipata yotere amaitseka ndi osewera ochokera ku mayunivesite ena, monga Tristen Newton wa ku East Carolina ndi Cam Spencer wa ku Rutgers. Vuto lake, wobwerayo ali ndi miyezi yochepa yoti aphunzire kachitidwe ka Hurley kodzaza ndi kutchingirana ndi kuthamanga wopanda mpira. Mmodzi akachedwa ndi sekondi, woponya amapeza mdani ataima kale pamphuno pake. Kwa ine, kutenga chikho kawiri motsatizana ndi timu yosinthasintha chonchi ndi ntchito yosayenera kuichepetsa.

Wachidwi

Zikomo amayi. Nanga n'zoona kuti akaziwo amakonzekera posewera ndi anyamata?

MkuluWaBenchi

N'zoona. Ndi ophunzira wamba a pa yunivesite pomwepo, olembetsedwa motsatira malamulo a NCAA, ndipo sasewera masewero enieni. Ntchito yawo ndi kutsanzira timu imene akaziwo akukakumana nayo: uyu auzidwa kuti azilowera kumanzere kokha, uyo azikankha pansi pa mkombero. Zimathandiza chifukwa NCAA imalola maola 20 okha pa sabata, ndi tsiku limodzi lopuma, ndiye asanu oyamba amayeserera pamodzi osatopetsa a pabenchi. Choopsa ndi mnyamata wofuna kudzionetsera, wodumphira munthu ali m'mwamba. Ameneyo amavulaza, ndipo kochi wanzeru samusunga.

Mu March, nthawi ya mipikisano ya chikho cha NCAA, kusiyana kuliponso. Mipikisano yonse iwiri yakhala ndi matimu 68, akazi kuyambira 2022. Koma ku akazi matimu 16 apamwamba amasewera ndime ziwiri zoyamba pakhomo, choncho UConn nthawi zambiri imayambira ku Storrs pamaso pa anthu pafupifupi 10,000. Amuna amapita kumabwalo amene si a timu iliyonse mwa ziwiri zosewerazo kuyambira tsiku loyamba. Ngakhale zili choncho, mu 2004 ndi 2014 zikho zonse ziwiri zinapita ku Storrs chaka chimodzi, zimene yunivesite ina ya Division I (gawo lapamwamba la NCAA) sinachitepo.